Tifunseni: Kodi wokana boma angakondwerere ufulu wa dziko?

FUNSO: Mwana wanga wa ku koleji akuti amatsatira anarchism, safuna boma lililonse. Komatu pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, amanyamula nawo mbendera. Kodi ziwirizi zimagwirizana? Ndine bambo wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Bambo, zimayendera limodzi ndithu, koma pali mphambano pomwe zimapatukana.

Anarchism imaphunzitsa kuti anthu angathe kudziyendetsera zinthu kudzera m'misonkhano ya pamudzi, mabungwe a antchito ndi makopaletivu, popanda boma la apolisi ndi asilikali pamwamba pawo. Mtsamunda tsono amamukana kotheratu. Ku Korea, Shin Chae-ho, yemwe anadzatsatira anarchism, analemba chikalata mu 1923 chomema anthu kugwetsa ulamuliro wa Japan, ndipo anafera m'ndende mu 1936.

Mkangano umabuka mtsamunda akalongedza katundu. Omenyera ufulu wa dziko amati pampandopo pakhale mwana wa kwathu. A anarchism amati vuto ndi mpandowo, chifukwa ndende, apolisi ndi malamulo zimatsala momwemo, ndipo wolowapo amazigwiritsa ntchito. Pamenepa mwana wanuyo ali ndi mfundo yosayenera kuinyoza. Lamulo la Public Order Act la 1955, lomwe azungu ankaletsera misonkhano ku Zambia kuno, silinachoke nawo mu 1964, linapitiriza kuluma kwa zaka makumi ambiri. Mu Disembala 1972 dziko linasanduka la chipani chimodzi cha UNIP mpaka chisankho cha 1991.

A anarchism amasiyanitsanso mtundu ndi boma. Onani pa Kulamba ku Mkaika, ku Katete: Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, chinenero chimodzi, Gule Wamkulu mmodzi, chonsecho ena alowera pa chipata cha Mwami atadinditsa ziphaso. Chikhalidwe chotere a anarchism ambiri alibe nacho mlandu, ngakhale ufumu weniweniwo amaukayikira. Chomwe amakana ndi malire ogawa abale, ndiponso mawu oti wolemera ndi waganyu wake ndi amodzi poti mbendera yawo ndi imodzi.

Nawonso anapunthwapo. Mu 1916 Peter Kropotkin, mmodzi wa akuluakulu a chiphunzitsochi, anaikira kumbuyo France ndi anzake pankhondo yoyamba ya dziko lonse, mnzake wa anarchism Errico Malatesta n'kumudzudzula poyera. Ku Spain mu 1936 bungwe lawo la antchito la CNT linalowa m'boma, koma bomalo silinapereke ufulu kwa chigawo cha Morocco chomwe Spain inkalamulira, kumene Franco, mkulu wa asilikali yemwe ankamenyana ndi bomalo, ankatengako asilikali ambirimbiri. Ife timaona kuti kumeneku kunali kulakwa kwakukulu.

Musamukalipire. Mufunseni kuti boma litachoka, mankhwala a kuchipatala ndi msewu wa Great East aziyang'anira ndani. Wodziwa chiphunzitsochi atchula nthumwi zosankhidwa pamsonkhano, zotumidwa ndi mawu omveka, zochotsedwa nthawi iliyonse zikapotoza, komanso mabuku a ndalama omwe membala aliyense angawatsegule. Ayambe wayesa zimenezi pakopaletivu ya feteleza ya kwanuko nyengo ikubwerayi.