Laputopu yalumikizika ku Wi-Fi koma intaneti palibe: musaifomate kaye

Achimwene, funso lanu lamveka: laputopu ya HP ya Windows 10 ikulumikizika ku rauta ya 4G ya pakhomo, koma ikulemba kuti "No internet", nthawi zina imaduka yokha, pamene mafoni a m'nyumbamo akuoneka kuti akuyenda bwinobwino. Ena akulangizani kuifomata, ena akuti mutose kabowo ka reset kumbuyo kwa rauta. Zonse ziwirizi zisiyeni kaye. Kufomata kukudyerani tsiku lathunthu ndi mafayilo omwe, ndipo ngati vuto lili pa rauta kapena pa kawaya ka mkati mwa laputopu, mudzabwereranso pomwe munayambira. Kabowo kaja kamafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi zina zonse zimene munatchera mu rauta. Choyamba tipeze pamene paduka.

Yambani ndi mafoniwo, chifukwa kawirikawiri amanamiza. Foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti, imatha kudumphira yokha pa data ya SIM yake mwini wake osadziwa. Ndiye tengani foni imodzi, zimitsani data, isiyeni pa Wi-Fi yokha, kenako tsegulani tsamba wamba mu Chrome, osati WhatsApp kapena Facebook. Ngati SIM ya mu rauta yatsala ndi bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, mauthenga amalowa ndithu pa foni, koma laputopu imaona ngati kunja kulibe kanthu. Tsamba likakana pa foni, laputopu ilibe mlandu: onani bandulo, onaninso kamagetsi ka netiweki pa rauta ngati kafiira. Njira ina yofulumira ndi kuyatsa hotspot pa foni n'kulumikiza laputopu pamenepo. Ikayenda bwino pa hotspot, kadi ya Wi-Fi ya mkati ndi yamoyo, nkhani ili pakati pa laputopuyo ndi rauta.

Zikatsimikizika kuti rauta ili ndi intaneti, zulani rauta ku magetsi kwa masekondi 30, muiyatsenso, muidikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti igwire netiweki. Laputopu muipange Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11 pali Fast Startup, imene imasunga mbali ina ya Windows pa disiki pozimitsa, moti mukayatsanso imadzuka ndi vuto lomwe inagona nalo. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Kenako pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, Manage known networks, sankhani dzina la Wi-Fi yanu, dinani Forget, mulowetsenso pasiwedi.

Zikapitirira, apa ndi pamene tiyese m'malo mongoganizira. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, Enter. Pa windo lakuda limene litseguke lembani:

ipconfig

Funani pamene palembedwa Wireless LAN adapter Wi-Fi, muone mizere iwiri: IPv4 Address ndi Default Gateway. Gateway ndiye adiresi ya rauta yanu. Marauta ambiri a Huawei amakhala pa 192.168.8.1, a TP-Link ndi ZTE pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo imalembedwanso pa kapepala komata kunsi kwa rauta. Adiresi ya laputopu iyenera kufanana nayo manambala atatu oyambirira, mwachitsanzo 192.168.8.103.

Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, ndipo pa Default Gateway palibe kanthu, ndiye kuti laputopu yapempha adiresi koma rauta sinaipatse, mpaka Windows yadzipangira yake yosafika kulikonse. Lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Ikabweranso 169.254, lowani mu rauta kudzera pa foni polemba adiresi yake mu Chrome, muone ngati DHCP, imene imagawa maadiresi kwa zida zolumikizika, ndi yoyatsa, ngati laputopu sinaikidwe pa mndandanda wa zida zoletsedwa, komanso ngati zida zolumikizika sizinadzaze. MiFi zing'onozing'ono zambiri zimalola zida 10 kapena 16 basi, ndipo pakhomo pamene pasiwedi inafika kale kwa anzanu a mpanda woyandikana, malowo sachedwa kutha.

Mukaona adiresi ya mtundu wina, monga 10.0.0.25 pamene rauta ili pa 192.168.8.1, kawirikawiri ndiye kuti wina anailemba pamanja. Izi zimapezeka kwambiri pa malaputopu amene anachokera ku ofesi kapena kusukulu. Dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani Wi-Fi ndi batani lakumanja la mouse, Properties, Internet Protocol Version 4, Properties. Sankhani Obtain an IP address automatically, ndi Obtain DNS server address automatically.

Adiresi ikakhala yolondola, yesani ping, lamulo loona ngati mbali inayo ikuyankha, katatu motsatizana pa windo lakuda lija, chifukwa ulendo uliwonse ukuyesa gawo lina la njira. Woyamba ndi wa ku rauta:

ping -n 30 192.168.8.1

Ikani adiresi ya rauta yanuyo. Muli m'chipinda chimodzi, mayankho onse 30 ayenera kubwera, ambiri pansi pa 10ms. Mukaona Request timed out apa ndi apo, kapena nthawi ikukwera kufika 300ms kapena 1000ms, vuto ndi la Wi-Fi yeniyeniyo, intaneti isanayambe n'komwe. Wachiwiri ndi ping 8.8.8.8, amene amayesa ngati laputopu ikudutsa rauta kufika kunja. Wachitatu ndi ping google.com. Wachiwiri akayankha koma wachitatu n'kunena kuti could not find host, intaneti ilipo, chafa ndi DNS, imene imamasulira mayina a masamba kukhala manambala. Lembani ipconfig /flushdns, kenako mubwerere pa windo la Internet Protocol Version 4 lija, musankhe Use the following DNS server addresses, mulembe 8.8.8.8 pamwamba ndi 1.1.1.1 pansi. Yoyambayo ndi ya Google, yachiwiri ya Cloudflare.

Pali nthawi zina ma ping onse atatu amayankha koma Chrome osatsegula kanthu. Apa kayikirani proxy ndi VPN, zimene zimadutsitsa intaneti yanu pa kompyuta ina isanafike kumene ikupita. Mapulogalamu a VPN, makamaka aja anthu amaika pofuna intaneti yaulere, amasintha njira imene intaneti imadutsa, ndipo ena sabweza zinthu m'malo mwake ngakhale mutawachotsa. Pitani ku Settings, Network & Internet, Proxy, muzimitse Use a proxy server. Antivayirasi imene inatha nthawi yake nayo imatha kutseka khomo. Ichotseni, Windows Security imene ilimo kale ndi yokwanira pa ntchito ya pakhomo. Onaninso tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Laputopu ikamaonetsa chaka cha kale, masamba a https amakana, Chrome n'kulemba kuti Your clock is behind. Konzani nthawi, pa time zone musankhe Harare, Pretoria. Ikamabwerera m'mbuyo ulendo uliwonse mukazimitsa, kabatire ka CMOS ka mkati katha mphamvu, pa malaputopu ambiri ndi kozungulira ka mtundu wa CR2032.

Mukachotsa VPN koma zinthu zikadali zosokonekera, lembani cmd pa Start, musankhe Run as administrator, mulembe netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, mupange Restart. Njira ina yochita zonsezi kamodzi ndi Network reset, imene ili pansi pa tsamba la Status mu Network & Internet. Imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi amene laputopu inasunga, choncho lembani yanu papepala musanadine.

Tsopano za kudukaduka kuja, komwe mwina ndi vuto lina palokha. Funso loyamba: ikaduka laputopu, mafoni nawo amaduka? Ngati onse amaduka limodzi, ndiye kuti rauta ikuzima n'kuyakanso. Imani pafupi muyang'ane timagetsi take. Kawirikawiri ndi adaputa ya magetsi imene yatopa chifukwa cha kuthimathima, kapena wina anasinthanitsa ndi ya dikoda. Werengani kunsi kwa rauta: ikalembedwa 12V 1A, adaputa iyenera kukhala ya 12V ndendende, ma amp akhale ofanana kapena kuposerapo, osachepera.

Ngati ikuduka laputopu yokha, makamaka ikakhala pa batire kapena ikangodzuka ku sleep, Windows ikuzimitsa kadi ya Wi-Fi pofuna kusunga batire. Dinani Windows ndi R, lembani devmgmt.msc kuti mulowe mu Device Manager, tsegulani Network adapters, dinani kawiri pa dzina lokhala ndi Wireless kapena Wi-Fi, la Intel, Realtek, Qualcomm kapena Broadcom. Pa Power Management chotsani chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Malaputopu ena atsopano alibe tsamba limeneli, mukalisowa musadabwe.

Muli pomwepo, onani tsiku la driver, pulogalamu yoyendetsa kadiyo, pa tsamba la Driver. Makadi akale a Intel monga 3160, 7260 ndi 7265 okhala ndi driver yakale amadziwika kuti amavutika ndi marauta a Wi-Fi 6, ena osaona n'komwe dzina la netiweki. Driver yatsopano itengeni pa webusaiti ya HP polemba nambala ya laputopu yanu, kapena ya Intel, osati pa mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi, amene ambiri amabwera ndi zinyalala. Intaneti yotengera driver muipeze polumikiza foni ya Android ndi waya wa USB n'kuyatsa USB tethering, kapena ndi waya wa LAN kuchokera ku rauta. Mukafuna kupanga Uninstall device kuti Windows iikenso yokha, musachonge kabokosi kakuti Delete the driver software musanakhale ndi ina m'manja, mungatsale opanda Wi-Fi.

Kenako lembani netsh wlan show interfaces, muone mzere wa Signal ndi wa Channel. Signal yoposa 70% ndi yabwino, ikatsika pansi pa 40% yembekezani kuduka. Yesani muli mita imodzi kuchokera pa rauta, muyesenso pamene mumakhala nthawi zonse. Pali chizindikiro chimodzi chimene amisiri amachizindikira msanga: laputopu imagwira bwino ikagundana ndi rauta, koma mukangolowa chipinda china timizere timatsika mpaka kamodzi, pamene foni pamalo omwewo yadzaza. Pamenepo vuto ndi tinyanga togwira Wi-Fi (antenna). Pa kadi ya Wi-Fi pamalumikizika timawaya tiwiri topyapyala, kakuda ndi koyera, tokhala ndi timitu tagolide tating'ono kuposa njere ya chimanga. Timadutsa mu hinji kupita m'mbali mwa sikirini. Laputopu ikagwa, hinji ikathyoka, kapena ikasinthidwa sikirini, kamodzi kamazuka kapena kuduka. Kuzuka kokha ndi ntchito yongotsegula chivundikiro cha kunsi n'kukanikiza kamutuko mpaka katagwira, batire itachotsedwa kaye. Ngati kaduka mkati mwa hinji, njira yotsika mtengo ndi kugula kachida ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, monga TP-Link TL-WN725N, ngakhale kameneka kamagwira mtundu umodzi wokha wa Wi-Fi, wa 2.4 GHz.

Ku mbali ya rauta kuli zinthu zingapo zimene zimavuta malaputopu akale koma mafoni osazimva. Lowani mu rauta, pitani pa zokhudza Wi-Fi. Chitetezo chikakhala pa WPA3 kapena WPA2/WPA3, chisinthireni ku WPA2-PSK ndi AES, chifukwa makadi akale ena salankhula WPA3. Ngati rauta imatulutsa 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi, zipatuleni, lina mulipatse dzina lothera ndi 5G kapena chilichonse choti muzizindikira, kuti laputopu isamadumphedumphe pakati pa ziwirizi. 5 GHz ndi yachangu koma khoma la njerwa zootcha limaifoola msanga, 2.4 GHz imafika patali koma imadzazana ndi ya oyandikana nawo. Pa 2.4 GHz chotsani Auto pa channel, muike 1, 6 kapena 11, poti zitatuzi sizilowerana, ndipo bandwidth ikhale 20 MHz. Pewani 12 ndi 13: malaputopu ena opangidwira msika wa ku America saziona, ndiye rauta ikasankha yokha 13, Wi-Fi imangosowa pa mndandanda ngati yazimitsidwa. Rautayo muiike pamwamba, pafupi ndi zenera kuti igwire 4G, osati m'kabati, kuseri kwa TV kapena pamwamba pa firiji.

Intaneti ikabwerera, chitani chinthu chimodzi musanaiwale. Laputopu imene yakhala masabata osalumikizika imayamba kukoka Windows Update ndi OneDrive nthawi yomweyo, ndipo bandulo ya magigabaiti angapo itha kutha usiku umodzi, inu n'kumaganiza kuti vuto labwereranso. Dinani dzina la Wi-Fi, Properties, muyatse Set as metered connection. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho ngati laputopuyo ikukwanitsa Windows 11, ganizirani zosamuka mukapeza intaneti yokwanira.

Zikakanikabe, jambulani sikirini ya ipconfig, ya ma ping atatu aja ndi ya netsh wlan show interfaces, munditumizire pamodzi ndi dzina la kadi ya Wi-Fi lochokera mu Device Manager ndi mtundu wa rauta. Kapepala ka kunsi kwa rauta musakajambule, kali ndi pasiwedi yanu.