Tifunseni: Yunivesite ikufuna dera lathu lakale, tikane kapena tilole?

Bambo mlangizi,

Ndine mayi wamasiye. Ndimakhala m'dera lakale kwambiri la mzinda wathu, m'nyumba imene anamanga agogo awo a malemu amuna anga. Kuseri kwa mpanda wathu kuli yunivesite. Akuluakulu ake alengeza kuti akufuna kumanga malo ogona ophunzira ndi malabotale, ndipo m'mapulani awo alowetsamo mizere itatu ya nyumba zathu, tchalitchi chakale ndi holo yathu ya misonkhano. Ayamba kale kugula nyumba imodziimodzi. Anzanga akuti tikane mpaka kukhoti. Koma mwana wanga wotsiriza amaphunzira pomwepo, ndipo ndimaona mmene anzake akuvutikira ndi pogona. Kodi ndikakana ndiye kuti ndikutsekereza ana maphunziro? Nanga ndikalola, si ndiye kuti ndagulitsa mbiri ya makolo?

Mayi wothedwa nzeru

Mayi, mtolo woyambawo tulani pansi. Simukutsekereza mwana wa munthu aliyense. Ophunzira akusowadi pogona, ndipo yunivesite imene sikula imabweza ana pakhomo chaka ndi chaka. Koma kuvomereza kuti pamangidwe hositelo si kuvomereza kuti imangidwe pamene pali chipinda chanu. Akuluakulu amakonda kumata nkhani ziwirizi kuti ioneke imodzi, ndipo ntchito yanu ndi kuzilekanitsa.

Ndagwira ntchito ya mapulani a mizinda kwa nthawi yaitali, ndipo m'kalata yanu yonse mawu amene andidetsa nkhawa ndi akuti ayamba kugula imodziimodzi. Dera silifa tsiku limene makatapila afika. Nyumba yogulidwa imatsekedwa, denga limayamba kudontha, udzu umamera pakhonde. Oyandikana nayo amachita mantha n'kugulitsa yawo motsika. Pakapita zaka, munthu wolemba lipoti amabwera n'kunena kuti malo ano ndi bwinja, ndipo lipoti lomwelo limakhala chifukwa chochotsera otsalawo. Ku New York, pamene Columbia University inkafuna maekala 17 ku Manhattanville, eni malo amene anakana kugulitsa anadandaula zomwezi kukhoti. Mu 2009 khoti lina linawamvera, koma mu 2010 khoti lalikulu la boma la New York linasintha chigamulocho n'kulola kuti malowo atengedwe mwalamulo.

N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti muike mtima wanu wonse pa khoti. Kawirikawiri woweruza amafufuza ngati ndondomeko inatsatidwa, osati ngati pulaniyo ndi yabwino. Ku Chicago, mu 1961, meya Richard J. Daley anasankha dera la Harrison ndi Halsted kuti pamangidwe nthambi ya University of Illinois. Mayi Florence Scala anatsogolera amayi anzake, anachita zionetsero, anakhala pansi mu ofesi ya meya, anakafika ndi kumakhoti, koma anagonja. Mu 1963 nyumba zambiri za Hull House, malo othandizira osauka amene Jane Addams ndi mnzake anatsegula mu 1889, zinagwetsedwa. Kunatsala nyumba yoyambirira ndi holo yodyera basi, ndipo yunivesiteyo inatsegulidwa mu 1965. Loya mumupeze ndithu, chifukwa malamulo a malo amasiyana dziko ndi dziko, koma akhale wokuthandizani pa zokambirana kuyambira lero, asakhale wongodikira tsiku la mlandu.

Nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya ku Denver, mzinda wina wa ku America komweko. Kumeneko kunali dera lotchedwa Auraria, lakale kwambiri mumzindamo, lokhala mabanja ambiri olankhula Chisipanishi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthuwo anasamutsidwa kuti pamangidwe malo a masukulu atatu aukachenjede. Okonda mbiri yakale anamenya nkhondo n'kupulumutsa mzere umodzi wa nyumba 14 mumsewu wa Ninth Street, ndipo tchalitchi cha St. Cajetan's nacho sichinagwetsedwe. Lero nyumbazo n'zokongola, zopakidwa penti bwino, koma muli maofesi. M'tchalitchimo mumachitikira misonkhano ndi zochitika za pasukulu. Makoma anapulumuka, anthu anabalalika. Kwa ine kumeneko si kusunga dera. Mbiri imene mukuopa kugulitsayo siili m'njerwa zokha. Ili mwa agogo amene amadziwa nyumba iliyonse ndi mwini wake, mwa anansi amene amakudziwani ndi dzina, ndi mwa anthu amene amadzaza holo yanu ija pakagwa vuto.

Komanso tamverani za lonjezo. Anthu a ku Auraria anauzidwa kuti ana awo adzaphunzira pamalopo mwaulere. Thandizolo linayamba kuperekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2021 ndi pamene linafutukulidwa kuti lifikire zidzukulu zonse za osamutsidwawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Mayi. Chilichonse chimene angakulonjezeni chilembedwe, chisainidwe, chikhale ndi tsiku ndiponso chinene chimene chidzachitike akalephera. Anthu a ku West Harlem, dera limene muli Manhattanville uja, anasainirana ndi Columbia pangano lotere mu 2009, ndipo munali thumba la madola 76 miliyoni lothandizira deralo. Pangano silibweza zonse zotayika, koma limakupatsani pogwira.

Ndiye yankho langa nali: musakane yunivesite, kanani pulani imeneyi mpaka akuonetseni kuti njira zina anaziyesa. Pitani kukhonsolo ya mzinda mukapemphe kuona mapulani onse, osati chithunzi chokongola chimene amaonetsa pamisonkhano. Afunseni kuti malo oimikapo magalimoto ndi nyumba zawo zopanda nsanjika m'kati mwa mpanda bwanji sakumangapo. Afunseni ngati nyumba zimene agula kale sangazikonze kuti mugone ophunzira. Zimenezi si maloto. Savannah College of Art and Design, sukulu yaukachenjede imene inayamba mu 1978 mumzinda wa Savannah ku America, inakula pokonza nyumba zakale zomwazikana mumzindamo, kuyambira ndi nyumba yakale ya asilikali. Holo ndi tchalitchi zikatsala, zitsale m'manja mwa anthu amene amazigwiritsa ntchito.

Mukamakhazikitsa komiti, musaiwale anthu a lendi. Kawirikawiri chipukuta misozi chimapita kwa amene ali ndi zikalata za malo, pomwe banja limene lachita lendi zaka makumi awiri limangouzidwa tsiku lotuluka. Mukawasiya kunja, dera lanu lagawikana kale. Ndipo gwirizanani kuti aliyense amene wafikiridwa ndi wogula azidziwitsa anzake asanasaine.

Mwana wanuyo musamuone ngati wa mbali inayo. Mutengeni ku msonkhano woyamba, abwere ndi anzake osowa pogonawo. Akuluakulu adzavutika kunena kuti mukudana ndi ophunzira pamene ophunzirawo akhala pabenchi limodzi ndi inu.

Bambo mlangizi, kodi nyumba ikalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri yakale, ndiye kuti singagwetsedwenso?

Wophunzira wa chaka chachiwiri

Mwanawe, zimatengera lamulo la dzikolo. Ku England, kugwetsa kapena kusintha nyumba yolembedwa popanda chilolezo chapadera ndi mlandu. Ku America, kaundula wa dziko lonse payekha saletsa mwini malo kugumula. Paki yotchedwa People's Park ya mumzinda wa Berkeley inalowa m'kaundulayo mu 2022, koma mu 2024 khoti lalikulu la California linalola University of California kupitiriza kumangapo malo ogona ophunzira. Uyambe wafufuza kuti kaundula wa kwanu ali ndi mphamvu yanji, ndiponso ngati amateteza nyumba imodzi kapena dera lonse. Ukapeza kuti n'zotheka kulembetsa dera lonse, pempho lako lipite chilolezo chomanga chisanaperekedwe.