Kodi amadziwa bwanji kuchuluka kwa cheza chimene mwana walandira pa sikani ya CT?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 6 anagwa mumtengo wa mango ndipo anamujambula m'mutu ndi makina a CT. Papepala la zotsatira pali manambala otchedwa CTDIvol ndi DLP, ndipo anandiuza kuti ndi a cheza cha X-ray. Popeza sanamuike choyezera chilichonse m'thupi, manambalawa awatenga kuti? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mwaona bwino, chifukwa palibe angaike choyezera muubongo wa mwana wamoyo. Nambala ya CTDIvol imachokera pa miyeso imene imachitika pa chipulasitiki cholimba chooneka ngati kamgolo, cha masentimita 16 m'mimba mwake poimira mutu, kapena 32 poimira thupi la munthu wamkulu. DLP ndi nambala yomweyo atachulukitsa ndi kutalika kwa malo ojambulidwa. Manambala awiriwa akunena za cheza chimene makina anatulutsa, osati chimene chinatsala m'ziwalo za mwana wanu.

Pofuna kudziwa chimene ubongo, maso kapena mafuta a m'mafupa alandira, akatswiri amagwiritsa ntchito kompyuta. M'kompyutamo muli thupi loyerekezera lomangidwa ndi tinjerwa ting'onoting'ono mamiliyoni ambiri, ndipo kalikonse kali ndi dzina lake, kaya fupa, mnofu, mafuta kapena mpweya wa m'mapapo. Kompyuta imaponya kachidutswa ka cheza kamodzi n'kukalondola, ndipo paliponse pamene kafika imachita maere motsata malamulo a sayansi: kapyola, kapatuka njira, kapena kamwedwa pomwepo. Ikabwereza zimenezi kambirimbiri, imawonkhetsa mphamvu imene yatsala m'chiwalo chilichonse. Njirayi imatchedwa Monte Carlo, dzina la malo otchuka ndi juga ku Monaco, ndipo anaiyambitsa ndi Stanislaw Ulam ndi John von Neumann ku Los Alamos, ku America, m'zaka za m'ma 1940.

Bungwe la ICRP, limene limapereka malangizo oteteza anthu ku cheza, linatulutsa matupi oyerekezera a akuluakulu mu 2009, wamwamuna wa makilogalamu 73 ndi wamkazi wa makilogalamu 60, ndipo mu 2020 linawonjezera a ana, kuphatikizapo wa zaka 5. Apa ndiye pamene ndimachenjeza odwala anga: thupi la m'kompyutalo si la mwana wanu. Mwana wowonda kapena wonenepa kuposa chitsanzocho amalandira mosiyanako, choncho zotsatira zake n'zoyerekeza. Komabe n'zokwanira kuthandiza ojambula kuchepetsa mphamvu ya makina pa ana, amene matupi awo sapirira cheza ngati a akuluakulu.

Kuti muone kuchuluka kwa chezachi, sikani ya m'mutu ya munthu wamkulu imapereka pafupifupi 2 mSv (mSv ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira), pamene cheza chachilengedwe chochokera m'nthaka, mumpweya, m'zakudya ndi kuthambo chimapatsa munthu pafupifupi 2.4 mSv pachaka. Kwa mwana amene wamenyetsa mutu kwambiri, ngozi ya magazi otuluka mkati mwa chigaza osaoneka ndi yaikulu kuposa ya sikani imodzi. Pepalalo lisungeni pamodzi ndi buku lake lakuchipatala, ndipo dokotala wina akadzafuna kumujambulanso, mudzamuonetse asanalembe kalata ya sikani ina.