Mfuti yoyenda nayo podziteteza: yankho kwa bambo a ku Johannesburg

Bambo ena ochokera ku Mangochi, omwe akhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ali ndi golosale kumeneko, anditumizira imelo. Akuti amayenda ndi ndalama zokagula katundu, anzawo angapo aberedwa ataloza mfuti, ndipo tsopano akufuna pisitoli yoti azibisa m'chiuno. Anzawo ena akuwauza kuti agule Glock 19, ena akuti kamfuti kakang'ono kokwana m'thumba, ena akuti revolver (mfuti yosunga zipolopolo m'kagudumu kozungulira), choncho akufunsa kuti yabwino ndi iti.

Bambo, tisanafike pa mayina a mfutizo tiyambe ndi mapepala anu, chifukwa ndi amene amagwetsa anthu ambiri akwathu. Lamulo loona za mfuti ku South Africa ndi Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2004. Lamuloli limafuna kuti muyambe mwapeza chikalata chochokera kupolisi chotsimikizira kuti ndinu woyenera kugwira mfuti, ndipo chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo yemwe ndi nzika ya dzikolo kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Ngati muli ndi pemiti yantchito kapena yabizinesi chabe, njira yatsekeka pomwepo, ndipo musamvere aliyense wokuuzani kuti akupezerani mfuti mwachidule, pakuti kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi mlandu wokakhala nawo kundende mpaka zaka 15.

Ngati mapepala ali bwino, dziwani chinthu chimodzi chomwe anzanu aja sanakuuzeni. Ndime 13 ya lamuloli, yomwe ndi ya mfuti yodzitetezera, imalola munthu mfuti imodzi yokha, ndipo laisensiyo imalembedwa nambala ya mfuti yeniyeniyo. Mumayamba mwalipira kusitolo, mfutiyo n'kutsala komweko, inu n'kukapereka fomu ya SAPS 271 kwa wapolisi woona za mfuti wa m'dera lanu pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukuifunira, kenaka n'kudikira yankho miyezi ingapo. Mukadzazindikira pambuyo pake kuti mfutiyo sikugwirizana ndi dzanja lanu, simungakaisinthe ngati malaya. Muyenera kuigulitsa motsata lamulo ndi kuyambiranso ulendo wonse. N'chifukwa chake ndikunena kuti musagule mfuti imene simunaiwombepo. Malo ambiri ophunzitsira kuwombera ali ndi mfuti zobwereketsa, ndipo popeza maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mfuti muyenera kuwachita ndithu musanapite kupolisi, pemphani kuti muyese zitatu kapena zinayi tsiku limodzi.

Tsopano za kukula kwake. Anthu ongoyamba amathamangira kamfuti kakang'ono poganiza kuti ndi kosavuta, koma zoona zake n'zakuti mfuti ikakhala yopepuka imakankha dzanja mwamphamvu kwambiri pophulika, chifukwa chipolopolo ndi chomwecho koma chitsulo cholandira mphamvuyo ndi chochepa. Chogwirira chikakhala chachifupi, chala chakanise chimalendewera, ndipo kuwomba kachiwiri pamalo omwewo kumavuta. SIG Sauer P365, yomwe inatuluka mu 2018, imalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo imatenga zipolopolo 10. Imabisika bwino zedi pansi pa shati, koma imafuna dzanja lozolowera. Glock 19 ya ku Austria, yomwe yakhala pamsika kuyambira 1988, imatenga zipolopolo 15, mpope wake ndi wa masentimita 10, ndipo ikadzazidwa imalemera magalamu oposa 800. Kulemerako mumakumva m'chiuno pofika madzulo, koma kumakuthandizani powombera. CZ P-10 C ya ku Czech Republic ndi ya msinkhu womwewo ndipo anthu ena imawakhala bwino m'dzanja kuposa Glock. Pakatikati pali Glock 43X, yopyapyala koma ya chogwirira chokwana zala zonse, ya zipolopolo 10. Amene thumba lawo lili lochepa amayang'ana Taurus G3C ya ku Brazil.

Revolver yaing'ono ya zipolopolo za .38 Special ili ndi ubwino wake: siivuta kuimvetsa ndipo sikakamirakakamira. Koma zambiri zimatenga zipolopolo zisanu zokha, kachitsulo kowombera n'kolimba kukoka, ndipo kulasa nayo bwino kumafuna kuyeserera kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Kwa munthu woyamba sindiiika patsogolo.

Maganizo anga ndi akuti muyambe kuyesa za msinkhu wa Glock 19, ndipo mutsikire ku yaing'ono pokhapokha ngati thupi lanu kapena kavalidwe kanu sikakulolani kuibisa. Poyesa kubisako muzindikire kuti chimene chimatukula shati si mpope, womwe umalowa m'thalauza, koma chogwirira. Mukawerama ponyamula kireti ya zakumwa m'golosalemo, n'chimene kasitomala angachione. Nkhaniyi si ya maonekedwe chabe, chifukwa ndime 84 ya lamulo lija imanena kuti pisitoli yoyenda nayo pagulu ikhale m'chikwama chonyamulira mfuti, yophimbika yonse, ndipo mwini wake akhale woilamulira nthawi zonse.

Pa mtundu wa zipolopolo sindichedwapo. Tengani 9mm. Ndi yomwe apolisi a ku South Africa amagwiritsa ntchito, imapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, ndipo mtengo wake umalola kuti muziyeserera pafupipafupi. Ngakhale bungwe lofufuza milandu la FBI ku America, lomwe linaisiya kwa zaka zambiri, linabwereranso kwa iyo cha m'ma 2015. Kumbukirani kuti lamulo silikulolani kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti ya laisensi yotereyi.

Mukamawerengera ndalama musathere zonse pa mfuti. Chikwama chake, chomwe kumeneko amati holster, chikhale cholimba, chopangidwira mfuti yanuyo, ndipo chiphimbe kachitsulo kowombera konse. Glock ndi zinzake zambiri zilibe kabatani kakunja kotsekera, choncho nsalu ya shati kapena kiyi ikakodwa pa kachitsuloko mfuti imalira muli nayo m'chiuno. Kuisomeka m'thalauza yopanda chikwama, monga amachitira anyamata a m'mafilimu, ndi njira yodzivulazira. Pafunikanso lamba wolimba, komanso bokosi lachitsulo lokhoma lovomerezeka ndi SABS, bungwe loona za miyezo ya katundu m'dzikolo, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, lomwe apolisi amafuna umboni wake musanapatsidwe laisensi. Mfuti ikabedwa muyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24, ndipo zikapezeka kuti munaisiya mosasamala akhoza kukulandani ufulu wokhalanso ndi mfuti.

Popeza mwatchula ndalama zokagula katundu, ndiyenera kunena mosabisa kuti makhoti a ku South Africa amalola kuwombera munthu pamene moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe panthawi yomweyo, ndipo palibe njira ina yopewera. Wakuba amene watenga chikwama cha ndalama n'kumathawa salinso chiopsezo pa moyo wanu, ndipo kumuwombera kumsana kukhoza kukufikitsani pa mlandu wakupha. Kuloza munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha, chimodzimodzinso kuigwira mutamwa mowa, zomwe zikutanthauza kuti tsiku lokacheza ku malo achakumwa mfuti imatsala m'bokosi.

Laisensi ya ndime 13 imatha pakapita zaka zisanu, ndipo pempho loiwonjezera liyenera kuperekedwa patatsala masiku osachepera 90. Lembani tsikulo pamalo oonekera, chifukwa anthu ambiri alowa m'mavuto pongoiwala. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, laisensiyo imathera pachipata cha Beitbridge, pamalire a South Africa ndi Zimbabwe. Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi ali ndi malamulo awoawo, ndipo kutuluka ndi mfuti kumafuna zilolezo zina za mbali zonse. Musanakwere basi ya ku Blantyre, kaisungitseni kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, mulandire chikalata chosonyeza kuti mwaisiya kumeneko.