Musanaitanitse mashoko atsopano, tsegulani kaye amene muli nawo

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku foni itatsala pang'ono kuzima, ndiye ndinati ndiyankhe kukacha. Mwanena kuti alamu anu anakubweretserani buggy ya 1/10 (kagalimoto kakang'ono koyendetsa ndi rimoti, kochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni) kuchokera ku Johannesburg, ya batire, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, yogwirapo kale ntchito. Ikafika pa mabampu kumbuyo kumangodumpha ngati chule, pokhota imagudubuzika, ndipo mukufuna kudziwa ngati mashoko onyezimira a aluminiyamu amene mwawaona pa intaneti angakuthandizeni kuti muzithamanga nafe Loweruka osatsalira.

Ndalamayo isungeni kaye. Ineyo ndinagwamo kale m'dzenje limenelo. Chaka changa choyamba ndinaitanitsa mashoko anayi abuluu, otchipa, kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, n'kudikira pafupifupi miyezi iwiri. Atafika anali okongola zedi, ana a pakhomo mpaka kumalimbirana kuwagwira. Tsiku loyamba pabwalo, raundi yachitatu isanathe, awiri akumbuyo anali atalavula oyilo yense, fumbi lofiira lija litamatirira ngati nsima ya dzulo pa mthiko. Masipuling'i ake analinso olimba ngati a galimoto yolemera kuposa yanga. Ndinabwezeretsa mashoko apulasitiki amene anabwera ndi galimoto, n'kuwakonza bwino, ndipo mpaka lero ndi omwewo.

Galimoto ikamadumpha motero, kawirikawiri ndiye kuti m'mashoko mulibe oyilo, kapena mwadzaza mpweya. Sipuling'i ntchito yake ndi kunyamula galimoto ndi kuibweza m'mwamba ikatsika. Oyilo ndiye amaigwira dzanja sipuling'iyo kuti isabweze mwaphuma. M'kati mwa shoko muli kapisitoni kokhala ndi timabowo, ndipo shoko ikamalowa ndi kutuluka oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowo timeneto. Oyilo akatha, sipuling'i imatsala yokha popanda woiletsa, ndiye chule uja. Yesani izi: ikani batire, nyamulani galimoto ndi manja onse awiri, muigwetse pa simenti kuchokera pa msinkhu wa rula ya kusukulu, masentimita 30. Yabwino imangoti phwa, n'kukhala pomwepo. Ikadumphanso kawiri kapena katatu, kapena chesisi, kunsi kwa galimoto kuja, ikamenya pansi mwamphamvu kuti kho, vuto mwalipeza. Kenaka chotsani shoko imodzi, muvule sipuling'i, muikankhe ndi zala pafupi ndi khutu. Mukamva ikulira kuti fyo fyo, muli mpweya. Ikalowa popanda kukaniza konse, ndi youma. Palinso timagalimoto tina totchipa timene mashoko ake salowa oyilo n'komwe, ndi sipuling'i pa kapaipi basi. Ngati anu ali otero, pamenepo pokha ndiye ndingavomereze kuti mugule ena lero lomwe.

Koma musanafike kwa oyilo, chotsani mashoko onse, kwezani mkono uliwonse wa galimoto, uja wogwira tayala, ndi chala n'kuusiya. Uyenera kugwa wokha. Ukakakamira m'mwamba ndiye kuti pini yomwe umazungulirapo yapindika kapena yadya dzimbiri, ndipo kuno ku Mulanje ndi chinyezi chathuchi dzimbiri silichedwa. Zulani pini, muigubuduze pa galasi: yopindika imaoneka yokha. Mkono wokakamira ungaupatse shoko yodula chotani, sungamve.

Oyilo wake ndi wa silikoni, wopangidwira timagalimoto timeneti. Mnzathu wina wa ku Luchenza anathiramo oyilo wa injini ya njinga yamoto, akuti oyilo ndi oyilo. M'mawa kukuzizira galimoto inali gwa ngati thabwa, dzuwa litakwera inafewa kwambiri, ndipo pasanathe mwezi ma O-ring, timphete ta rabara totsekera oyilo, anali atafufuma, shafti, kachitsulo kolowa ndi kutuluka m'shoko, ikuyenda mokakamira. Wa silikoni nayenso amasintha ndi kutentha, koma pang'ono poyerekeza ndi wa injini. Wophikira musamuganizire n'komwe.

Pa botolo mudzaona nambala ya mitundu iwiri, wt ndi cSt. Nambala ikamakwera oyilo amakhala wolimba. Chovuta ndi chakuti wt kampani iliyonse ili ndi muyeso wakewake, pamene cSt ndi muyeso umodzi kulikonse. Kwa kampani ya Team Associated, 30wt ndi 350 cSt ndipo 35wt ndi 425 cSt, pamene 30wt wa kampani ya TLR ndi 338 cSt. Kampani ya Tamiya imangolemba nambala monga #400. Choncho pogula yang'anani cSt, ndipo mukasankha kampani imodzi khalani nayo, kuti mukamasintha muzidziwa chimene mwasintha. Pa buggy ngati yanu, pa dothi, ine ndingayambire 400 cSt kutsogolo ndi 350 cSt kumbuyo. Mabotolo atatu, 300, 350 ndi 400, akukwanirani chaka chonse, ndipo ndi otchipa kutali kuposa mashoko atsopano. Amene muli ndi galimoto zokulirapo za 1/8 manambala awa musatengere, mashoko anu ndi aakulu, a mamilimita 16, ndipo amafuna oyilo wolimbirapo.

Kathiridwe kake ndi pamene ambiri timalakwitsa chifukwa cha changu. Tsukani kaye kunja ndi mswachi wakale musanatsegule, kuti mchenga usagwere m'kati. Khuthulani oyilo wakale (mudzamupeza ali bii ngati madzi otsukira mbale), pukutani ndi kansalu koyera, kenaka yendetsani chikhadabo pa shafti. Chikakodwa penapake ndiye kuti shafti yakalika, ndipo idzang'amba ma O-ring atsopano tsiku lomwelo, isintheni. Pogwira shafti ndi pulayala kulungani kansalu, mano a pulayala ndi amene amapha mashafti ambiri. Ma O-ring atsopano apakeni kadontho ka oyilo yemweyo musanalowetse shafti. Mukatero kokerani pisitoni pansi, thirani oyilo mpaka kutsala pang'ono kudzaza, muyendetse pisitoni pang'onopang'ono kangapo osaitulutsa pamwamba pa oyilo. Mudzaona timathovu tikukwera. Imikani mashoko onse anayi chilili, ine ndimaboola katoni ya sopo n'kuwazika m'menemo, mupite mukamwe tiyi. Mphindi 10 kapena 15 zikatha thovu limakhala litatha. Potseka, kankhirani shafti m'kati kuti oyilo wotsala atuluke, kenaka mangani chivindikiro. Mukamaliza tengani awiri akutsogolo, muwakankhe limodzi n'kuwasiya: atuluke mofanana. Chimodzimodzi akumbuyo. Utali wawonso ufanane kumanzere ndi kumanja, apo ayi galimoto izikhota bwino mbali imodzi yokha, inu n'kumanena kuti rimoti yawonongeka.

Tsopano pali kamphete kaja kamene kamapana sipuling'i pamwamba, kapena timapulasitiki tolowetsa pamenepo. Anthu ambiri amakamanga mpaka pansi poganiza kuti akulimbitsa sipuling'i. Sipuling'i kulimba kwake sikusintha, chimene chimasintha ndi msinkhu wa galimoto kuchoka pansi. Ndikukayikira kuti kugudubuzika kwanu pokhota kukuchokera pomwepa, chifukwa pa chithunzi mwatumizacho galimoto yaima njoo ngati kakowa. Pa dothi buggy ya mtundu umenewu imakhala pakati pa mamilimita 21 ndi 24 kuchokera pansi kufika pa chesisi, batire ili m'kati. Igwetseni pang'ono pa tebulo losalala, muisiye ikhazikike yokha, ndiye muyeze. Mukasowa choyezera, yang'anani kumbuyo: timashafti topititsa mphamvu ku matayala tikhale chopingasa, tosapendekera m'mwamba kapena pansi. Matayala nawo apendekere m'kati pang'ono chakumtunda, digiri imodzi kapena ziwiri, ndicho chimene amati camber. Ikani bokosi la machesi chilili pambali pa tayala, pamwamba patsale kampata kochepa, kofanana mbali zonse.

Masipuling'i ndi chinthu choyamba chimene ndingati gulani, paketi ya ofewa, apakati ndi olimba. Mitundu ya penti imene amapaka isakunamizeni, wofiira wa kampani ina safanana ndi wofiira wa inzake. Bwalo lathu kuseri kwa Chitakale mukulidziwa: dothi lofiira, zitsa za kapinga, tinjira tokumbidwa ndi madzi a mvula, ndi zitunda ziwiri zodumphira zimene tinaumba ndi makasu. Malo otere amafuna galimoto yofewerapo, kuti tayala lizitsata nthaka m'malo mouluka pamwamba pake. Tayala likakhala m'malere silikoka, silikhota, silimanga buleki. Anyamata amaonera mavidiyo a mipikisano ya ku Ulaya ya pa kapeti, galimoto zili pansi penipeni ndiponso zolimba, n'kukopera manambala ake. Kuno zoterozo zimangokhala zikukhula mimba pa kapinga.

Pamene pamavuta ndi pa zitunda. Mukafewetsa kuti mabampu azimezedwa, potera chesisi imamenya pansi. Mukalimbitsa oyilo kuti isamenye, mabampu aja ayambiranso. Mankhwala ake ali pa pisitoni. Timabowo ting'onoting'ono ndi oyilo wopepuka zimapangitsa shoko kufewa ikamayenda pang'onopang'ono koma kukaniza ikamenyedwa mwadzidzidzi, chimene azungu amati pack. Timabowo tokulirapo ndi oyilo wolimba zimameza mabampu othina bwino koma potera zimatsika mpaka pansi. Pa mashoko a mamilimita 12, mapisitoni odziwika ndi a mabowo awiri a 1.6 kapena 1.7, ndipo kusiyana kwa 0.1 kokhako mumakumva pa rimoti. Chesisi kukhudza pansi pang'ono potera si mlandu, bola galimoto isanjanjenso. Mabowo omangirapo shoko pamwamba paja asiyeni kaye pamene buku la galimoto linanena. Kuigoneka kumaifewetsa, kuiimika kumailimbitsa, koma zimenezo tidzakambirana mukayamba kumaliza maraundi osagubuduka.

Nyengo nayo muziiwerengera. Mu June ndi July chiperoni chikatsika m'phiri, oyilo amalimba, ndipo ine ndimatsika sitepe imodzi, 350 kutsogolo ndi 300 kumbuyo. Mu October dzuwa likamawotcha mpaka tiyi kufota m'minda, ndimabwerera pa 400 ndi 350. Mvula ikangogwa dothi lathu limaterera ngati therere, ndipo pamenepo chothandiza kwambiri ndi matayala a timisomali tatitali kuposa chilichonse cha m'shoko. Kunena zoona, ndalama ya mashoko onyezimira ija mutagulira matayala abwino akumbuyo, mungadule masekondi ambiri kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano.

Ndikupemphani chinthu chimodzi: muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Gulani kope la kusukulu, lembani oyilo, sipuling'i, msinkhu ndi mmene kunachera tsikulo. Thamangani maraundi asanu wina akuwerenga nthawi pa foni, sinthani chimodzi, thamanganinso asanu. Maso amanama, galimoto yooneka yaukali nthawi zambiri ndi imene ikuchedwa. Ine ndinakhalapo mwezi wathunthu ndikukhulupirira kuti masipuling'i olimba andithandiza, mpaka mwana wanga wa sitandade 6 anandionetsa pa foni kuti raundi iliyonse ndikutaya pafupifupi sekondi.

Nanga mashoko a aluminiyamu alibe ntchito? Ali nayo. Buggy ya RC10 ya Team Associated inatuluka mu 1984 ili kale ndi mashoko a aluminiyamu a oyilo, ndipo galimoto za mpikisano mpaka lero zimabwera ndi otero. Abwino ake sadontha msanga, chivindikiro sichifwamphuka mukatera molakwika, ndipo msinkhu mumausintha pongopotoza kamphete. Tsiku limene apulasitiki anu adzayambe kufwamphuka zivindikiro kapena kudontha ngakhale mwasintha ma O-ring ndi mashafti, gulani. Yezani utali kuchokera pa bowo la pamwamba kufika pa la pansi shoko itatambasuka, poti akutsogolo ndi aafupi kuposa akumbuyo, ndipo sankhani a kampani imene imagulitsanso ma O-ring, mashafti ndi mapisitoni ake padera. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, shoko yopanda masipeya ndi yotaya ikangodontha kamodzi. Muitanitsiretu mapaketi awiri a ma O-ring nthawi yomweyo, ndipo funsani pagulu pano musanatumize, timasonkherana kuti katundu abwere limodzi.

Loweruka tikuyamba 9 koloko ngati kulibe mvula. Bwerani ndi galimoto, mswachi wakale ndi kansalu koyera, batire ikhale yodzaza. Oyilo wa 350 ndi 400 ndili naye wokwanira mashoko anu onse anayi, ndipo katoni yanga ya sopo ija ndibwera nayo.