Za "to", "into" ndi "across" zomwe mwafunsa zija

Achemwali, mwati mwana wanu wa Fomu 4 analemba kuti "I arrived to Blantyre and went to home", aphunzitsi n'kudula "to" onse awiri, ndiye mukudabwa poti inu mumadziwa kuti "to" ndiye "ku". Aphunzitsiwo sanamulakwire mwanayo, ndipo ndi bwino azidziwiretu mayeso a MANEB asanafike.

Gwero la vutoli ndi ili. M'Chichewa, mneni ndi amene amanena kumene munthu walowera: kulowa, kutuluka, kuwoloka, kudutsa, kuzungulira. Timawu ta ku, pa ndi mu timangoloza malo basi. Azungu amakonda kutenga mneni mmodzi ngati go, walk kapena run, ntchito yonse n'kuisiyira kamawu kotsatirako. Ndiye mwanayo asamafunse kuti "ku" pa Chingelezi ndi chiyani. Azidzifunsa kuti: pamenepa ndikulowa, ndikuwoloka kapena ndikungodutsa?

Tengani ulendo wa basi ya ku Joni. Yanyamuka mu Blantyre, "from Blantyre". Ikuthamanga motsata msewu, "along the road". Pa Lunzu sinaime, yangopitirira, "past Lunzu". Pa Zalewa yawoloka Shire, "across the Shire", ndipo pa mlatho munganenenso "over the bridge". Ikatuluka pa Mwanza yalowa m'dziko la eni, "into Mozambique". Koma popeza Mozambique si kumene mukupita, mwangolowa mbali ino n'kukatulukira ku Nyamapanda, ulendo wonsewo ndi "through Mozambique". Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Across ndi kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina, monga pa mtsinje, msewu kapena bwalo la mpira. Through ndi kudutsa m'kati mwa chinthu chokuzungulirani: m'nkhalango, m'chigulu cha anthu mumsika, pa zenera.

"To" amatanthauza kuti komweko ndiye kothera ulendo. "Towards" ndi kungolunjika chakumeneko, kaya mufika kaya mubwerera panjira.

Tsono pali mawu ena amene safuna "to", ndipo ndi amene agwetsa mwana wanuyo. Reach ndi enter amayenda okha: "we reached Mwanza", "she entered the room". Musaikepo to kapena into, kupatula ponena za mgwirizano, "enter into an agreement", koma zimenezo n'za maloya. Arrive sayenda ndi to ngakhale pang'ono. Mzinda kapena dziko ndi "arrive in Blantyre", malo enieni ngati depoti, sukulu kapena chipatala ndi "arrive at Wenela". Home nayenso amakana to: "go home", "come home". Izi zilibe nzeru zakuya, n'zongoloweza.

Pa zokwera, ife timangoti kukwera ndi kutsika, kaya ndi ndege kaya ndi kabaza. Iwo amagawa pawiri. Basi, sitima, ndege ndi njinga ndi "get on", potsika "get off". Galimoto yaing'ono ndi takisi, zimene umalowamo chowerama, ndi "get into" ndi "get out of". Minibasi ili pakatikati, ngakhale kuti momwe amatipanikizira anayi pa mpando umodzi, ine ndingati into ikukhala. Ndipo chija timanena kwa kondakitala chakuti "I am dropping at the stage" chithere m'minibasi momwemo. Pa pepala la mayeso alembe "I am getting off".

Chinanso chimene ndimaona ana akutayirapo malikisi ndi to ndi at pambuyo pa throw. "He threw the ball to me" ndiye kuti wandiponyera kuti ndiwakhe. "He threw a stone at me" ndiye kuti wandigenda. Chimodzimodzi "shout to" ndi kuitana munthu ali patali, "shout at" ndi kumukalipira.

Madzulo ano muuzeni afotokoze pa Chingelezi njira yochokera pakhomo panu kukafika kusukulu, osasiya mpata, mlatho kapena golosale iliyonse imene amadutsa. Akalemba, ikani pano timuchongere.