Kwa achimwene odana ndi kukagula zovala: pezani telala mmodzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene amagwira ntchito muofesi ku Lilongwe. Dzina lawo sinditchula, koma nkhani yawo ndi iyi: kukagula zovala amadana nako kwambiri. Akangolowa mumsika mutu umayamba kuwawa chifukwa cha phokoso, kukokedwa dzanja ndi mavenda, kunenerera, komanso kufukula mulu wa kaunjika dzuwa lili paliwombo. Mapeto ake amangotola chilichonse kuti achokepo msanga, ndipo akafika kunyumba amapeza kuti thalauza ndi yothina m'chiuno, malaya ndi aatali manja. Pano atsala ndi malaya awiri okha ooneka bwino, nawonso kolala yayamba kuperepeseka. Akufunsa ngati pali njira yoti munthu azivala mooneka bwino tsiku ndi tsiku popanda kuthera Loweruka lonse mumsika.

Achimwene, njira ilipo, ndipo siyambira kumsika. Iyambira m'chipinda mwanu. Tsegulani momwe mumasunga zovala, muone malaya amene dzanja lanu limathamangira m'mawa uliwonse akakhala ochapa. Munthu aliyense ali nawo malaya otere, komanso thalauza imodzi imene akaivala amaiwala kuti wavala kanthu chifukwa siyimufinya pena paliponse. Zovala ziwiri zimenezo ndiye yankho lanu. Mwapeza kale chimene chimakukhalani, ntchito yatsala ndi kuchichulukitsa. Chimene chimakutopetsani mumsika n'chakuti ulendo uliwonse mumakayambiranso pachiyambi kusankha, pamaso pa anthu amene akukufulumizitsani. Sankhani kamodzi muli phee kunyumba, kenako muzingobwereza.

Ndikudziwa chimene chikubwera m'maganizo mwanu, chifukwa ambiri amandiyankha chomwecho: anthu kuntchito adzati ndili ndi malaya amodzi. Mantha amenewa kwathu kuno ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Koma taganizirani za a Kenneth Kaunda, amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991. Zaka zambirimbiri ankaoneka atavala suti ya mtundu umodzi ija yopanda tayi, kampango koyera kali m'manja, mpaka chovalacho chinatenga dzina lawo, ndipo matelala mpaka lero akamva zoti Kaunda suti safunsanso kuti ndi yotani. Steve Jobs wa kampani ya Apple naye ankangovala juzi yakuda ndi jinzi. Chimene anthu amaona pa munthu ndi litsiro, makwinya, kolala yong'ambika ndi thalauza yokwera m'mwamba. Kasokedwe kakakhala kamodzi koma mitundu n'kumasinthasintha, ambiri sazindikira n'komwe, amangoti bambo uja ndi waukhondo.

Tsopano nkhani ya telala, imene ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene pagona zonse. Ife tili ndi mwayi umene anzathu okhala ku London kapena ku Johannesburg amaulirira: pafupifupi pakhonde la sitolo iliyonse, pamsika uliwonse, pali munthu wa makina osokera. Musapite kwa woyamba kumuona. Yang'anani mnzanu kuntchito kapena kutchalitchi amene thalauza yake yosoketsa imamukhala bwino, mumufunse anamusokera ndani. Mukafika kwa telalayo, pemphani kuona chovala chimene wamaliza, muchitembenuze. Kunja chilichonse chimakongola, paja akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onani ngati misoko ya m'kati ndi yowongoka, ngati m'mphepete mwa nsalu anamangamo kuti isamasosoke, ngati mabowo a mabatani ndi olimba, ngati zipi ikuyenda bwino. Telala wosamala m'kati mwa chovala ndi amene mukufuna.

Mupatseni malaya anu aja ndi thalauza ija, munene mawu awa okha: mundisokere zofanana ndi izi, musasinthe kalikonse. Chovala chenicheni chimamuuza telala zambiri kuposa tepi, chifukwa amaona kutalika kumene mumakonda, kukula kwa thumba, ndi mpata umene mumafuna m'mapewa. Koma musamupatse nsalu ya malaya asanu tsiku loyamba. Ayambe wasoka amodzi. Muwavale tsiku lathunthu, mukwere nawo minibasi, mukhale nawo pampando, muwachape, ndipo ngati pena pakuthina mubwerere akakonze. Akatha kukonza, miyezo imeneyo alembe m'buku lake, inunso muijambule pafoni. Kuchokera pamenepo simudzayesanso chovala kuseri kwa chitenje pamsika. Muzingotumiza nsalu ndi uthenga.

Pali zinthu zingapo zimene ndinaphunzira mochedwa. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, choncho iviikeni m'madzi ndi kuiyanika musanaipereke kwa telala, apo ayi malaya okukwanani lero adzakuthinani sabata yamawa. Madzi omwewo adzakuuzaninso ngati nsaluyo imachucha mtundu. Pogula, funsani yosakaniza thonje ndi poliyesita. Ya thonje lokhalokha imazizira bwino m'thupi koma imachita makwinya msanga, pomwe ya poliyesita yokhayokha siivuta kusita koma mu Okutobala imakuphikani thukuta. Yosakaniza imagwira pakati. Ndalama ya telala perekani theka poyamba, yotsalayo potenga chovala. Ndipo musamupititsire ntchito sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, pamene wazunguliridwa ndi mayunifolomu, kapena m'nyengo ya maukwati ndi Khirisimasi. M'miyezi imeneyo ngakhale telala wokhulupirika amayamba kunena kuti mubwere mawa. Januwale mpaka Malichi makina ambiri amakhala opanda ntchito yochuluka, ndipo chovala chanu chimasokedwa mofatsa.

Mukufuna zovala zingati? Kwa munthu wa muofesi ine ndimati malaya asanu, mathalauza atatu, juzi imodzi ya mu Juni ndi Julaye, ndi jekete imodzi yakuda kapena ya buluu wodera imene mungapite nayo kumaliro, kuukwati ndi kumsonkhano. Pamitundu pali lamulo limodzi lokha: malaya aliwonse azigwirizana ndi thalauza iliyonse, kuti ngakhale magetsi atazima m'mawa mutha kutola mumdima osalakwitsa. Mathalauza akhale akuda, otuwa kapena a khaki. Malaya akhale a buluu wowala, otuwa, kapena a timizere ting'onoting'ono. Oyera mbee ndi okongola, koma inu mukukhala ku Lilongwe ndipo fumbi la kumeneko kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa. Mukakwera kabaza kamodzi kolala yafiira kale. Khalani nawo amodzi a masiku apadera. Pa asanu aja, amodzi akhale a chitenje. Chiyambire 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi ndi kulimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu, malaya a chitenje analowa m'maofesi ambiri, ndipo chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana malaya a manja aafupi kwa munthu wa thupi lapakati. Masokosi gulani akuda ofanana okhaokha, kuti imodzi ikasowa inzake isakhale yamasiye.

Alongo anga amene mukuwerenga, njira yake ndi yomweyi: diresi imodzi yokukhalani, telala mmodzi, zitenje zosiyanasiyana.

Sindikubisirani, kusoketsa kumadula kuposa kutola pamulu. Koma kaunjika wa lero si wa kale uja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mabelo inakwera, mpaka kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero podandaula zomwezo. Masiku ano thalauza yogula mothamanga n'kukapezeka yosakwana ndi ndalama yeniyeni yotayika. Simukuyeneranso kusoketsa zonse mwezi umodzi. Malaya amodzi pakutha pa mwezi uliwonse, chaka chisanathe mwamaliza.

Pali zovala zina zimene telala wa pakhonde sangakupangireni bwino: jinzi, juzi, matisheti, ndi jekete ngati sanazolowere kusoka masuti. Izi kaunjika ndiye kwawo, ndipo mungathe kuchepetsa mavuto ake. Musakhulupirire nambala yolembedwa pachovala, chifukwa belo limodzi limasakaniza zovala za ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, ndipo L wa uku si L wa uko. Njira ya pamsika yozunguliza chiuno cha thalauza m'khosi imathandiza pang'ono koma imanamiza anthu a mimba. Tengani tepi m'thumba. Yalani thalauza yanu yokondedwa ija kunyumba, muyeze chiuno kuchoka mbali ina kufika inzake: ikakhala mainchesi 17 ndiye kuti mumavala 34. Yezaninso kutalika kwa mwendo. Pamsika muzingoyala, kuyeza, kulipira, kunyamuka. Pansapato kumbukirani kuti 8 wa ku Britain amafanana ndi 42 wa ku Ulaya.

Kenako chitani zomwe munachita ndi telala: sankhani wogulitsa mmodzi amene sanakunamizeni, mumupatse miyezo yanu ndi nambala ya foni. Ambiri masiku ano akatsegula belo amajambula zabwino n'kutumizira makasitomala awo pa WhatsApp, inu n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kudzangodutsa kutenga poweruka. Ngati kunenerera ndi kumene kumakudwalitsani, masitolo a DAPP amagulitsa kaunjika wopachika pamahang'ala ndipo mtengo umakhala wodziwika kale. Pitani m'mawa pakati pa sabata, osati Loweruka la malipiro. Juzi ndi jekete gulani nyengo yotentha, pamene palibe akuzifuna.

Munthu wodana ndi kugula ayenera kusamala zimene ali nazo kuti zikhalitse. Yanikani zovala mozitembenuza kuti dzuwa lisazisulutse mtundu, ndipo muziyanika pachingwe, osati pa udzu kapena pansi, chifukwa pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zonyowa ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu. Simbi yotentha imapha mazirawo, n'chifukwa chake makolo athu ankasita ngakhale zovala za m'kati. Sitani malaya onse asanu nthawi imodzi Lamlungu magetsi akakhalapo, muwapachike, sabata yonse musaganizenso za chovala.

Malaya anu awiri operepeseka kolala aja musawataye. Telala wodziwa ntchito amasosola kolala n'kuitembenuza, mbali yakutha ija n'kubisika pansi, ndipo malaya amayendanso nthawi yaitali pamtengo wochepa kwambiri. Yambani ndi ntchito imeneyo Loweruka likubwerali. Ndi yaing'ono, siikutayitsani nsalu, ndipo mukadzaona mmene wasokera kolalayo mudzadziwa ngati ndi munthu woyenera kumusiyira malaya anu okondedwa kuti akhale chitsanzo.